Wes Montgomery: Mmisiri wa Gitala Amene Adaphunzira pa Mbale za Galamafoni

Pakati pa anthu amene adatchuka ndi gitala m'nyimbo za jazz, ndi owerengeka okha amene dzina lawo limatchulidwa mwaulemu monga la Wes Montgomery. Munthu ameneyu sadapondeko pa sukulu ya zoimbaimba, sadadziwe kuwerenga zizindikiro zimene oimba amalembera nyimbo papepala, ndipo gitala ya nsambo zisanu ndi imodzi adayamba kuigwira ali kale pabanja. Komabe lero maimbidwe ake adalembedwa m'mabuku, ndipo ophunzira a m'masukulu akuluakulu a nyimbo amakhala nawo pansi miyezi yambiri pofuna kuwamvetsa. Mbiri yake ndi yoyenera kuilingalira, makamaka kwa achinyamata amene atsiriza sukulu ndipo akuganiza kuti kuphunzira kwathera pomwepo, ndiponso kwa aphunzitsi amene amadzifunsa ngati kutsanzira ntchito ya wina kuli ndi phindu pa maphunziro.

Kubadwa ndi ubwana wake

John Leslie Montgomery adabadwa pa 6 Malichi 1923 mumzinda wa Indianapolis, m'chigawo cha Indiana ku America. Dzina loti Wes lidachokera ku dzina lake lachiwiri lija. Banja lawo lidali la anthu akuda, ndipo masiku amenewo tsankho lidali lolimba kotero kuti anthu akuda adali ndi madera awoawo okhalako, ogulako zinthu ndi osangalalako. Ku Indianapolis mtima wa dera lotere udali msewu wotchedwa Indiana Avenue, umene udadzaza ndi nyumba zachisangalalo momwe oimba ankaimba usiku ndi usiku.

Makolo ake adalekana iye akali wamng'ono, ndipo adapita ndi atate ake pamodzi ndi abale ake mumzinda wa Columbus, ku Ohio. Kumeneko mkulu wake Monk adamugulira gitala ya nsambo zinayi ya pinyolo m'chaka cha 1935. Mnyamatayo adasewera nayo zaka zingapo, koma pambuyo pake iye mwini ankaona kuti gitala imeneyo sidamuthandize kwenikweni, chifukwa atagwira ya nsambo zisanu ndi imodzi adayambanso poyambirira. Magazi a nyimbo adalimo m'banjamo: Monk adadzakhala woimba besi wodziwika, mmodzi mwa oyamba kuimba besi yamagetsi mu jazz, pamene mng'ono wawo Buddy adadzatchuka pa piyano ndi pa vibraphone, chida chonga mangolongondo koma chazitsulo.

Mphunzitsi amene sadaonane naye

M'chaka cha 1943 Wes adali atabwerera ku Indianapolis, atakwatira mkazi wake Serene, ndipo ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo. Apa mpamene adamva mbale ya Charlie Christian, ndipo moyo wake udakhota.

Kuti zimveke bwino chifukwa chake mbale imodzi idamugwira mtima chotero, nkofunika kudziwa malo a gitala m'magulu a jazz a nthawi imeneyo. Gitala wamba ili ndi mawu ochepa. Pakati pa malipenga, masakisofoni ndi ng'oma siinkamveka, tsono ntchito yake idali yongothandiza kusunga kayendedwe ka nyimbo kumbuyo. Zinthu zidasintha pamene amisiri adapanga kachipangizo ka maginito koikidwa pansi pa nsambo, kamene kamasandutsa kunjenjemera kwa nsambozo kukhala mphamvu ya magetsi yopita ku chokuzira mawu. Kampani ya Gibson idatulutsa gitala yotere, yotchedwa ES-150, m'chaka cha 1936. Charlie Christian, mnyamata wokulira ku Oklahoma City amene adalowa m'gulu la Benny Goodman mu 1939, ndiye adaonetsa dziko zimene chida chatsopanochi chingachite. Iye ankaliza nsambo imodziimodzi, nakoka mizere yaitali ya mawu monga achitira woimba sakisofoni, ndipo gitala idachoka kumbuyo nkuima kutsogolo. Christian adamwalira ndi chifuwa chachikulu pa 2 Malichi 1942 ali ndi zaka 25 zokha. Motero pamene Wes ankamva nyimbo yake yotchedwa Solo Flight, imene idajambulidwa mu 1941, mwini wake adali atagona kale m'manda.

Wes adagula gitala yamagetsi ndi chokuzira mawu, ndalama zosayamba kwa munthu wa ntchito ngati yake amene adali atangolowa m'banja. Mphunzitsi adalibe, mabuku sakadamuthandiza. Chimene adali nacho ndi mbale za Christian, galamafoni ndi makutu ake.

Mmene ankaphunzirira

Mbale za masiku amenewo zinkazungulira maulendo 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi inkatenga nyimbo ya mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono. M'kati mwa mphindi zimenezo, chigawo chimene Christian ankaimba yekha nthawi zambiri chidali chachifupi ndithu. Wophunzira ankaika singano pamalo pamene chigawocho chayambira, namvetsera mawu anayi kapena asanu, nanyamula singano, nafunafuna mawuwo pa khosi la gitala mpaka atawapeza. Akatero ankabweza singano pamalo omwewo kuti aone ngati walondola. Kenaka ankapitirira pang'ono. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo mbale zake zinkaperepeseka ndi kukandika chifukwa cha kubwerezabwereza. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Wes ankaweruka ku ntchito, nakhala pansi ndi gitala mpaka usiku, ndipo chaka chisanathe adali ataloweza pamtima zigawo za Christian liwu ndi liwu.

Phindu la njira imeneyi ndi lakuya kuposa mmene limaonekera. Mu jazz, oimba amayamba ndi nyimbo yodziwika, kenaka aliyense amapatsidwa mpata wopeka zakezake pomwepo, motsata maziko a nyimbo ija. Zopekazo sizilembedwa, ndipo ngakhale wina atazilemba, pepala silingathe kusunga zonse. Silinena bwino pamene woimba wachedwetsa liwu pang'ono, pamene walikankha, pamene wapuma, kapena kulemera kwa dzanja lake pa nsambo. Zimenezi zimalowa kudzera m'khutu basi. Mwana amaphunzira chinenero cha amake pomva ndi kubwereza, ndipo malamulo a chinenerocho amadzawadziwa pambuyo. Wes adaphunzira jazz mwa njira yomweyo. Pofunafuna liwu lililonse yekha adadziwa khosi lonse la gitala, ndipo khutu lake lidazolowera kuuza zala kopita popanda kudzera papepala.

Ntchito yake yoyamba ya zoimba adaipeza m'nyumba yachisangalalo yotchedwa Club 440, komwe ankangoimba zigawo za Christian zija monga momwe zidaliri pambale. Zikatha ankakhala chete, pakuti zakezake adali asanakhale nazo. Apa mpamene pali phunziro lachiwiri. Kutsanzira kudamutsegulira chitseko, koma sikukadamukhazika m'nyumba. Oimba anzake a mumzindamo ndiwo adamuthandiza kumvetsa mmene nyimbo imamangidwira, ndipo pang'onopang'ono adayamba kuphwanya zimene adaloweza ndi kuzilumikiza mwatsopano.

Chala chachikulu

Oimba gitala ya jazz pafupifupi onse amaliza nsambo ndi kachidutswa kolimba kogwira pakati pa zala ziwiri. Wes naye adayamba motero. Koma popeza nthawi yake yophunzira idali usiku, phokoso la chokuzira mawu linkasowetsa tulo a m'nyumba ndi anansi, ndipo madandaulo sadachedwe kufika. Monga iye mwini ankafotokozera, adaika pambali kachidutswa kaja nayamba kuliza nsambo ndi mnofu wa chala chachikulu kuti mawu azituluka ofatsa. Chimene chidayamba ngati njira yosungira mtendere ndi anansi chidasanduka chizindikiro chake. Mawu a chala ndi onenepa, ofunda ndi obulungira, opanda kuthwa kwa kachidutswa. Zala zina zinayi ankazitambasula ndi kuzitsamiritsa pa thupi la gitala, chala chachikulu chokha nkumagwira ntchito, ndipo pakutha pa zaka chinkathamanga mwa liwiro lodabwitsa anthu.

Chala chimenechi chidamuthandizanso pa luso lina limene adatchuka nalo. Amene adaphunzira nyimbo za kwaya amadziwa kuti kuchokera pa do wapansi kukafika pa do wapamwamba pali makwerero asanu ndi atatu, ndipo mawu awiriwo ndi amodzi, kungoti lina ndi lokwera. Wes ankaimba mzere wonse wa nyimbo pa mawu awiri otere nthawi imodzi. Ankadina nsambo ziwiri, nsambo ya pakati pake naitsekereza ndi chala kuti isalire, tsono chala chachikulu nkupyola pa zitatu zonsezo. Django Reinhardt wa ku France adachitapo zimenezi kale, koma Wes ndiye adazikuza mpaka kumapeka nazo zigawo zathunthu. Kawirikawiri ankamanga chigawo chake m'masitepe atatu: poyamba nsambo imodziimodzi, kenaka mawu awiriawiri aja, pomaliza mawu anayi kapena kuposa olizidwa pamodzi. Motero nyimbo inkakula ndi kulemera pamene ikupita, monga mtsinje umene ukulandira timifuleni.

Zaka za thukuta

Mu 1948 Lionel Hampton, mtsogoleri wa gulu lalikulu lotchuka, adafika ku Indianapolis, namumva, namulemba ntchito. Wes adayenda ndi gululi mpaka 1950. Ankaopa ndege, tsono ankayenda mitunda italiitali pa galimoto kuchoka mzinda wina kupita mzinda wina, mtima uli kwa mkazi ndi ana amene adawasiya. Mapeto ake adasankha kubwerera kwawo.

Zaka zimene zidatsatira ndizo zimaonetsa mtima wa munthuyu. Banja lidakula mpaka ana asanu ndi awiri, ndipo ndalama za zoimba zokha sizikadakwanira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ankagwira ntchito m'fakitale ya zipangizo za wailesi kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Pofika 9 koloko usiku ankakhala ali ku Turf Bar komwe ankaimba mpaka 2 koloko, ndipo akachoka apo ankapita ku Missile Room kukaimba mpaka kuli pafupi kucha. Tulo ankangotolera m'timipata. Abale ake adasamukira ku madera a kumadzulo kwa dzikolo nakhazikitsa gulu lotchedwa The Mastersounds, ndipo mu 1957 adajambula naye mbale imene mudalinso mnyamata woimba lipenga Freddie Hubbard. Koma mbale zimenezi sizidamutchukitse, ndipo adapitiriza moyo wake wakale.

Zaka zimenezi sizidapite pachabe. Kuimba usiku uliwonse pamaso pa anthu, ndi anzake omwewo, m'zipinda zazing'ono, kudamupatsa mpata woyesa maganizo atsopano ndi kutaya osathandiza. Mbale zidamupatsa chinenero, koma Indiana Avenue ndi malo ena a mumzindamo ndiwo adamuphunzitsa kuchilankhula.

Kutulukira poyera

Mu Sepitembala 1959 woimba sakisofoni wotchuka Cannonball Adderley adabwera kudzaimba ku Indianapolis, ndipo ntchito itatha adapita ku Missile Room. Zimene adamva kumeneko zidamuzunguza mutu kotero kuti atabwerera ku New York adakakamiza Orrin Keepnews wa kampani ya Riverside kuti akadzimvere yekha. Keepnews adapitadi, ndipo adamulemba Wes nthawi yomweyo. Mu Okutobala chaka chomwecho mbale yake yoyamba ya ku Riverside idajambulidwa, ali ndi Melvin Rhyne pa limba ndi Paul Parker pa ng'oma. Wes adali ndi zaka 36.

Mu Januwale 1960 adajambula mbale yotchedwa The Incredible Jazz Guitar of Wes Montgomery, pamodzi ndi Tommy Flanagan pa piyano, Percy Heath pa besi ndi Albert Heath pa ng'oma. M'menemo muli nyimbo zopeka yekha monga Four on Six ndi West Coast Blues, zimene oimba jazz amaziimbabe. Chaka chomwecho olemba za nyimbo a magazini ya Down Beat adamusankha kukhala nyenyezi yatsopano ya gitala. Mu 1961 adaimba ndi John Coltrane, ngakhale pa chikondwerero cha jazz cha ku Monterey, koma sadakhalitse m'gulu limenelo. Mu Juni 1962 adajambula mbale ya Full House pamaso pa anthu ku Berkeley, California, ndi Johnny Griffin, Wynton Kelly, Paul Chambers ndi Jimmy Cobb. Mu 1965 adalimba mtima nakwera ndege kupita ku Ulaya, komwe adaimba ku London, ku Paris ndi m'mizinda ina, ndipo zithunzi za kanema zimene zidajambulidwa paulendowu ndizo zimathandiza ophunzira kuona mmene manja ake ankayendera. Chaka chomwecho adajambulanso Smokin' at the Half Note ndi gulu la Wynton Kelly.

Za zida zake

Achinyamata ambiri okonda gitala amataya nthawi kufunsa mtundu wa chida chimene katswiri ankagwiritsa ntchito, poganiza kuti chinsinsi chili m'menemo. Pa zaka za kutchuka kwake Wes ankaimba kwambiri gitala ya Gibson L-5, ya thupi lalikulu la mphako ndi nkhope yosema yotukuka. Ankaikamo nsambo zonenepa zosalala, zimene siziliza kaphokoso zala zikamatsetsereka. Pa imodzi mwa magitala ake, pamalo pamene zala zake zinkatsamira ndi kuperepesa thabwa, padaikidwa kachikongoletso kooneka ngati mtima. Zokuzira mawu adagwiritsa ntchito za mitundu ingapo, monga za Fender ndi za Standel. Zonsezi zidali ndi gawo lake pa mawu amene ankatuluka. Koma anthu ambiri adagula gitala yomweyo ndi nsambo zomwezo osamveka ngati iye, pamene iye ankamveka chimodzimodzi ngakhale pa mbale zimene adaimbira magitala ena. Mawu ake adali m'chala ndi m'khutu, ndipo zimenezi sizigulidwa m'sitolo.

Ndalama ndi luso

Kampani ya Riverside idagwa mu 1964, ndipo Wes adapita ku Verve komwe adagwira ntchito ndi Creed Taylor. Taylor adaona kuti mawu okoma a gitala ya Wes angathe kukopa anthu ochuluka amene sadali okonda jazz. Adayamba kumujambulitsa nyimbo zotchuka za pa wailesi, zazifupi, ndi magulu akuluakulu a malipenga ndi mavayolini kumbuyo. Mbale ya Goin' Out of My Head idamupatsa mphoto ya Grammy mu 1967. Chaka chomwecho adatsatira Taylor ku kampani ya A&M, ndipo mbale ya A Day in the Life, imene dzina lake lidachokera ku nyimbo ya gulu la The Beatles, idagulidwa kwambiri kuposa zonse zimene adapangapo.

Apa padabuka mkangano umene sudathe mpaka lero. Olemba za jazz ambiri adadandaula kuti mmisiri wagulitsa luso lake, pakuti pa mbale zimenezi ankangoimba mzere wa nyimbo pa mawu awiriawiri aja, osapatsidwa mpata wokwanira wopeka. Dandaulo limeneli lili ndi maziko, ndipo amene akufuna kuphunzira kuya kwa maganizo ake amabwerera ku mbale za Riverside ndi ya ku Half Note. Komabe woweruza ayenera kukumbukira zaka za m'fakitale zija. Munthu wa ana asanu ndi awiri, amene adafika zaka 40 akuvutikirabe chakudya cha pakhomo ngakhale dziko linkamutcha katswiri, adali ndi chifukwa cholandirira ntchito imene idampatsa mpumulo. Ndiponso amene adamumva akuimba pamaso pa anthu m'zaka zomwezo adachitira umboni kuti luso lake lopeka silidachepe konse.

Mpumulowo sadaudyerere nthawi yaitali. Pa 15 Juni 1968, atangobwerera kuchokera ku ulendo wa zoimba, adamwalira ndi nthenda ya mtima kwawo ku Indianapolis, ali ndi zaka 45. Kuchokera pamene Adderley adamumva mpaka tsiku la imfa yake padapita zaka zosakwana zisanu ndi zinayi.

Wophunzira asanduka mphunzitsi

Monga iye adaphunzirira kwa Christian amene sadaonane naye, ena adaphunzira kwa iye kudzera pa mbale. George Benson, amene adamudziwa maso ndi maso, adatenga zambiri za maimbidwe ake. Pat Metheny, akali mnyamata ku Missouri, adaloweza zigawo za mu Smokin' at the Half Note. Emily Remler ndi Lee Ritenour adajambula mbale zomukumbukira. Mzinda wa Indianapolis udatcha bwalo lina lopumulirako dzina lake, ndipo mu 2017 nyumba yaikulu yosungira mabuku ya boma la America idaika The Incredible Jazz Guitar m'kaundula wa mbale zoyenera kusungidwa chifukwa cha kufunika kwake pa mbiri ya dzikolo.

Zida zophunzirira zidasintha kwambiri. Ophunzira a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 adatulukira kuti mbale yozungulira maulendo 33 pa mphindi ikayendetsedwa pa 16, liwiro limatsika ndi theka ndipo mawu onse amatsikira pa do wapansi, kotero kuti zigawo zothamanga zimamveka bwino. Kenaka kudabwera makaseti. Lero kompyuta ndi foni zimachedwetsa nyimbo popanda kutsitsa mawu, ndipo zigawo za Wes zolembedwa kale zimapezeka m'mabuku ndi pa intaneti. Zonsezi ndi zothandiza, koma zili ndi msampha wake. Amene walandira chigawo cholembedwa ndi wina amadumpha ntchito yofunafuna liwu ndi khutu lake, pamene ntchito imeneyo ndiyo idamupanga Wes kukhala chimene adali. Nchifukwa chake aphunzitsi a jazz amalimbikirabe kuti wophunzira ayambe wamvetsera, aimbe chigawocho ndi pakamwa, achipeze pa chida chake, ndipo pepala libwere pomaliza.

Kwa mphunzitsi wa phunziro lililonse, moyo wa Wes Montgomery ukuonetsa kuti kutsanzira ntchito ya katswiri mosamala ndi maziko abwino, malinga wophunzira athandizidwe kupitirira pamenepo. Kwa wachinyamata amene watsika m'kalasi ndipo akugwira ntchito imene sadailote, ukuonetsa kuti zaka 20 si mochedwa kuyamba chinthu, ndi kuti maola a madzulo, akagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, amakwanira kumanga luso. Wes adadikira zaka 16 kuchokera pamene adagula gitala yake mpaka pamene dziko lidamumva, ndipo m'zaka zonsezo ana ake ankadya, anansi ake ankagona, iye nkumaphunzirabe.